Chuni cha a Njobvu

Nkhani iyi ndinaimva kwa Mai Tukiya, amene amagulitsa chinangwa chootcha ndi nshawa pafupi ndi siteshoni ya mabasi ku Kabwe. Ndinali pa ulendo wa ku Kapiri, basi yathu inakana kulira, ndiye ndinakadziika pa benchi lawo. Iwo amapemphera ku Natuseko, ndipo akuti zambiri anaona ndi maso awo, kupatula za ku Makululu zimene anachita kumva.

Misozi Njobvu anali m'chaka chachiwiri ku sukulu ya ubusa ku Lusaka. Mwa maphunziro onse, limene linamulowa mumtima linali la chipembedzo ndi nyimbo za mumpingo. Ankaphunzitsa ndi a Mutale, bambo wamfupi woimba ngakhale poyenda m'khonde. Tchuthi chitayandikira, a Mutale anagawa ntchito. Aliyense apite ku mpingo wa kwawo, akapeze nyimbo imene anthu amaiimba mosiyana ndi mmene inalembedwera m'buku, akaijambule pa foni, akafufuze kumene chuni chake chinachokera, alembe masamba khumi. Akamaliza, abusa a pampingopo adinde chidindo pa tsamba lotsiriza, kusonyeza kuti munthu sanapeke nkhaniyo ali chigonere pabedi.

Misozi anaseka yekha, poti ntchitoyo inali m'nyumba mwawo momwe. Atate ake, a Petson Njobvu, anali woyambitsa nyimbo ku mpingo wa Natuseko kwa zaka pafupifupi makumi anayi. Kale nyimbo iliyonse inkadikira iwo. Kenako kunabwera kiyibodi, kunabwera makwaya anayi, achinyamata anatenga zonse, iwo n'kutsala ndi chinthu chimodzi chokha. Pa Sabata la mgonero, akulu ampingo akamachotsa nsalu yoyera pagome, kiyibodi inkazimitsidwa, a Njobvu n'kuimirira n'kuyambitsa nyimbo ya mgonero. Mawu ake anali a m'buku, koma chuni sichinali cha m'buku. Chinali chuni choyenda pang'onopang'ono, ngati munthu wosenza ndowa yodzaza amene safuna kutaya ndi dontho lomwe. Amai a Chigwirizano ankapukuta misozi ndi nsonga za maduku. Chimwalirireni mai Everlyn, akazi awo, zaka zitatu zapitazo, nyimbo imeneyi ndiyo inkawadzutsa a Njobvu. Jekete la pamgonero ankasita Lachinayi.

Misozi anawapeza akuthirira repu kuseri kwa nyumba.

"Atate, chuni chija cha pamgonero munachitenga kuti?"

"Kwathu."

"Kwathu kuti? Ku Katete?"

"Kodi kwathu kuli kungati, iwe? Lemba kuti chinabwera ndi amishoni. Patuka, ukupondera mbewu."

Koma Misozi anali atasanthula kale mabuku a solofa a kusukulu, momwe machuni amalembedwa, ndipo chuni chimenechi munalibe. Anaimbira foni azakhali ake ku Katete n'kuwamvetsa zimene anajambula. Iwo anati, "Yokoma, koma kuno sitiidziwa." Anafunsa amai achikulire a Chigwirizano, onse yankho limodzi: "N'cha a Njobvu, basi." Mmodzi yekha ndiye anawonjezera kuti masiku oyamba a Njobvu ankabwera kutchalitchi ndi mnzawo wa pamgodi, Ba Chola, amene anathawa kalasi asanabatizidwe. Ngati ali moyo, ali ku komboni ya Makululu.

Misozi anakwera minibasi, n'kutsika pamene msewu unathera, n'kuyamba kufunsa. Ku Makululu njira zimabalana ngati mbewa. Dzuwa lili pamutu anamupeza nkhalambayo pansi pa mtengo wa mango, ikusankha zitsulo zakutha, za mkuwa uku, zachabechabe uko.

"Shikulu, ndine mwana wa a Petson Njobvu."

"Petson! Akali moyo uja? Khala pa thayala apo, mayo. Awe, mphuno ni yamene ija."

Misozi anafotokoza za sukulu, n'kutsegula foni. Mawu a atate ake anatuluka, olemera, odekha, mpingo ukutsatira pambuyo. Ba Chola anapendeketsa mutu. Mzere woyamba unatha. Pa mzere wachiwiri maso awo anatong'oka, kenako anaphulika kuseka mpaka chitsulo chinagwa m'manja.

"Mwe bantu! Anaipeleka ku chalichi zoona? Nanga aiimbira chani monga ali pa malilo? Siiyenda so iyi. Imva!"

Anatola sipanala, n'kuyamba kugogoda pa limu ya galimoto, ngwe ngwe-ngwe, ngwe ngwe-ngwe, mofulumira. Chuni chinali chomwecho, osasiyana ndi pang'ono pomwe, koma tsopano chinkadumpha ngati mbuzi yomasulidwa. Nkhalamba inaimirira, chiuno chikugwedezeka, n'kuimba:

"Everlyn, Everlyn, duku loyera, mapazi a fumbi,
Mulungu ali nawo ambiri, ine ndilibe ndi mmodzi yemwe,
pemphera msanga, udzandigwirire chipanda."

Misozi anamva ngati amuthira madzi ozizira kumsana. Dzina la amai ake, m'kamwa mopanda mano mwa munthu wachilendo, pa chuni chimene anawaimbira tsiku lowaika m'manda.

"Everlyn uti, shikulu?"

"Anyoko, kaili! Anali kupita pa tavani ya mu komboni ya mayini pa Chisulo paliponse, imwe muti Loweruka, buku pa chifuwa, ayenda ku kwaya. Petson ali pa tebulo pamwamba, chipanda ku manja, tavani yonse ivomela. Ndiye anaipanga yeka iyi. Ma vesi yanali seveni. Wachitatu sininga kuimbile, ndiwe mwana."

Koma analiimba ndithu. Ana amene ankasewera chapafupi anabwera kudzavina. Misozi anaiwala kuzimitsa foni, ndipo zonse zinalowamo.

Masiku awiri sanadye bwino. Ankayang'ana atate ake akudalitsa chakudya, n'kumayesa kuwaimika pa tebulo la mowa, osatheka. Kenako anakumbukira mawu a a Mutale, akuti wophunzira za Mulungu asaope choonadi, n'kukhala pansi kulemba. Dzina la amai ake sanalilembe. Atate ake anawatcha "mnyamata wina wa pamgodi amene pambuyo pake anatembenuka mtima." Mavesi awiri anawalemba monga momwe analili. Anaona ngati wabisa mokwanira.

Kwa abusa anapita akudziwa mmene zimayendera: mapepala a ophunzira sawerengedwa, amangotembenuzidwa mpaka tsamba lotsiriza, chidindo phwa. Koma Abusa Chikomeni anali wachinyamata, chaka chachiwiri pampingopo, ndipo anaphunzira sukulu yomweyo. Anavala magalasi n'kuyamba tsamba loyamba. Pa tsamba lachisanu anasiya kumwa tiyi. Pa lachisanu ndi chiwiri anavula magalasi aja.

"Mlongo Misozi, mukundiuza kuti ine ndakhala ndikunyema mkate wa Ambuye pa nyimbo ya ku tavani?"

"Abusa, chuni chokha. Mawu ndi a m'buku."

"Nanga mnyamata wa pamgodi ameneyu ndani? Woyambitsa nyimbo pano alipo angati?"

Chidindo abusa anadinda, koma pepala anayamba alijambula ndi foni, tsamba ndi tsamba.

Lachitatu bwalo la akulu ampingo linakhala. Mgonero unali Sabata lotsatira lomwelo. A Njobvu anaitanidwa, anafunsidwa, anavomera zonse osawonjezera liwu. Chigamulo chinali chakuti chuni chimenecho chiyambe chaima, ndipo pamgonero nyimbo iyambitsidwe ndi kiyibodi, mwa m'buku, kufikira bwalo litaonanso bwino. Pofika madzulo nkhani inali itafika kale kumsika.

A Njobvu anabwera kunyumba dzuwa likupendeka, n'kukhala pa mpando wa pakhonde osavula chipewa. Misozi anagwada pambali pawo.

"Atate, sindinalembe dzina lanu."

"Unalemba chiyani nanga, la Chola?"

"Mukanandiuza ine poyamba..."

"Ndikuuze kuti chiyani? Kuti atate ako ankavina pa tebulo?" Anapuma kaye. "Amai ako anandiimitsa panjira tsiku lina, anthu akuona. Anati, iwe wa chipanda, mawu uli nawo koma ulibe poika. Nyimbo yakoyo ukaisambitse, ubwere nayo kumene ndimapita ine. Ndinaisambitsa chaka chathunthu. Iwo anaiimba zaka makumi atatu ndi zisanu, ali pa benchi lachiwiri apo, osandiyang'ana n'kamodzi komwe. Tinkadziwa awiri. Tsopano adziwa ndi ogulitsa tomato."

Lachinayi jekete silinasitidwe. Misozi ataona zimenezo mtima unamuthawa, n'kuimbira foni a Mutale, akulira. Iye ankayembekezera kudzudzulidwa, koma a Mutale anakuwa ndi chimwemwe mpaka Misozi anachotsa foni kukhutu.

"Misozi, wapeza golide! Izi ndi zimene ndimaphunzitsa chaka ndi chaka, kuti Uthenga umalowa m'nyimbo za anthu n'kuzibatiza. Tumiza zonse zimene unajambula. Chikomeni ndi mwana wanga, ndinamuphunzitsa ndine. Loweruka muli ndi mapemphero a chikonzekero, eti? Ndibwera ndi kwaya ya sukulu. Akuluwo akaimva bwinobwino, adzawabwezera okha atate ako."

Misozi anatumiza zonse, ndi za ku Makululu zomwe. Sanaganize kawiri.

Loweruka masana tchalitchi chinadzaza kuposa masiku onse a chikonzekero, chifukwa ndi amene anasiya kalekale kupemphera anabwera kudzaona. Minibasi ya ku Lusaka inaima pabwalo, munatsika ophunzira khumi ndi asanu ovala malaya ofanana. Misozi anaona akutsitsa ng'oma ziwiri ndi chisekese. Wotsiriza kutsika anali Ba Chola, atavala jekete lobwereka lofika m'mawondo. A Mutale anachita kukawatenga ku Makululu, ati gwero la nyimbo liyenera kulemekezedwa.

"Aphunzitsi, ng'omazi n'zachiyani?"

"Tikuibwezera moyo wake, mwana wanga. Amishoni anatiphunzitsa kuimba ngati tadwala. Khala pansi uone."

Abusa Chikomeni sakanatha kukaniza mphunzitsi wawo. Atatha ulaliki anawapatsa mphindi khumi. A Mutale analankhula bwino ndithu, za Davide ndi zeze wake, za mitsuko ya Aigupto imene inakatumikira m'chihema. Akulu ena anayamba kugwedeza mitu movomera. Misozi anayang'ana atate ake kumbali ya abambo, n'kuyamba kupuma bwino.

Kenako ng'oma inalira.

Mawu anali a m'buku, a mwazi ndi mtanda, koma liwiro linali la pa limu ya galimoto lija. Ophunzira anayamba sitepe, awiri kumanja, awiri kumanzere, mapewa akugwedezeka. Mai wina wa Chigwirizano anagwira pakamwa. Wina anaphimba kumaso ndi buku. Achinyamata kumbuyo anaimirira n'kuyamba kuomba m'manja. Chimene chinaopsa Misozi koposa chinali ku benchi la akulu ampingo: madoda atatu a imvi, nkhope zili gwa ngati pamlandu, koma pansi nsapato zawo zikugunda simenti mogwirizana ndi ng'oma, eni ake osadziwa.

Ba Chola anapirira vesi limodzi. Pa lachiwiri anadumphira pakati pa kanjira, jekete likuuluka, n'kukuwa ndi mawu onse:

"Everlyn, Everlyn, duku loyera!"

Tchalitchi chonse chinati "Hii!" Theka la anthu amenewo linali pa maliro a mai Everlyn. Mpaka tsiku limenelo ankangodziwa kuti nyimbo inali ya mowa, osati kuti inali ya munthu, ndipo munthu wake yemwe anawatsogolera m'Chigwirizano zaka khumi.

Amene anaimirira ndi a Njobvu. Sanathamange. Anayenda mpaka kutsogolo, n'kuika dzanja pa chikopa cha ng'oma yaikulu. Ng'oma inafa, inzake inatsatira, kwaya inabalalika mawu mmodzimmodzi mpaka zii.

"Chola, khala pansi."

Ba Chola anakhala pansi pomwepo, pa simenti.

A Njobvu anatembenukira kwa a Mutale. "Aphunzitsi, mwaphunzira kwambiri, ine ndinalekera fomu thu. Koma ndikufunseni. Munthu akasiya mowa, mumamutengera kutavani kuti mukamubwezere moyo wake? Nyimbo iyi ndinaichotsa mowa ine, pang'onopang'ono, mpaka inatha kuyenda yokha osadzandira. Inu mwaimwetsanso tsiku limodzi."

A Mutale anabwerera pamalo pawo.

Pamenepo a Njobvu, osapempha chilolezo kwa munthu, anatseka maso n'kuiyamba okha, mwa kayendedwe kake kaja. Vesi loyamba anaimba okha. Lachiwiri amai a Chigwirizano analowa, akulira. Pomaliza ndi ophunzira a ku Lusaka omwe anali kuimba, mitu ili pansi, manja kumbuyo.

Bwalo linakhalanso anthu atangotuluka, ndipo silinachedwe. Abusa Chikomeni anabwera okha kunyumba kudzanena kuti akulu amva kusiyana kwake ndi makutu awo, chigamulo chafafanizidwa, mawa a Njobvu ayambitse monga mwa masiku onse. Misozi anasita jekete yekha, misozi ikugwera pa kolala. Atate ake anangoti, "Zikomo, abusa."

Sabata m'mawa anthu anadzaza mpaka m'mawindo. Ulaliki unatha, akulu anayandikira gome, anagwira nsalu yoyera uku ndi uku. Kiyibodi inazimitsidwa. A Njobvu anaimirira, anakoka mpweya, anayamba.

Mzere woyamba unayenda bwino. Pa wachiwiri Misozi anamva kanthu kakang'ono, ngati mpingo ukuwakankha atate ake kumsana. Palibe amene anafuna. Kungoti aliyense m'nyumbamo anali atamva ng'oma ija, ndipo inali ikulirabe m'mitu. Kumbuyo wina anagogoda benchi ndi chala. Kamwana kena kanaseka, mai wake n'kukatsina. Nyimbo inayamba kufulumira yokha. A Njobvu anakweza dzanja kuti aibweze, inabwerera pang'ono, n'kuthawanso. Ndipo Misozi, poyang'ana pansi, anaona nsapato ya atate ake, yakumanja, ikugunda simenti.

Iwonso anaiona. Analeka pakati pa liwu. Mpingo unapitirira mawu awiri atatu n'kuima. Akulu anatsala chigwirire nsalu m'mwamba, osadziwa kaya aichotse kaya aibwezere. Abusa anali chiimire, mkate uli m'manja.

A Njobvu anayang'ana benchi lachiwiri la amai kwa nthawi. Kenako anatembenukira kwa woimba kiyibodi.

"Yatsa. Tiimbe ya m'buku."

Anakhala pansi. Kiyibodi inalira chuni cha m'buku, chimene pampingopo panalibe wochidziwa bwino, ndipo mkate unayenda m'mabenchi anthu akung'ung'udza chabe. Mbale itafika kwa Misozi, anatenga mkate n'kupereka mbaleyo kwa woyandikana naye.

Potuluka anawapeza atate ake pansi pa mtengo, akupinda jekete pamkono.

"Atate, mgonero winawo mudzayesenso. Anthu adzakhala ataiwala."

"Anthu angaiwale. Phazi ili ndi langa." Anamupatsa jekete kuti anyamule. "Pepala lako ukapereke. Unalemba zoona, usasinthe kanthu. Koma ukawonjezere tsamba limodzi, ulembe zimene waona lero, kuti anzako akamapita m'mipingo ya eni ake azidziwa."

Tsambalo analemba. Mai Tukiya akuti pepalalo linapambana onse m'kalasi, ndipo a Mutale anatumiza kalata yopepesa imene inawerengedwa pa zolengeza. A Njobvu amapitabe kutchalitchi, amakhala malo awo omwe aja, koma sanayambitsenso nyimbo, ndipo chuni chija sichinamvekenso ku Natuseko.

Ine ndalemba monga ndinamvera, koma pali pamene sindikhulupirira. Akuti kwa zaka makumi anayi ankadziwa ndi anthu awiri okha. Tavani yonse inkavomera nyimbo imeneyo, ndipo amuna a pamgodi sanathere ku Makululu onse, ena anakalamba ali pa benchi la akulu ampingo. Ine ndikuganiza kuti madoda aja ankadziwa chiyambire, anangosankha kukhala chete, ndipo pa bwalo la Lachitatu anachita ngati adabwa chifukwa choopa m'busa wachinyamata. Ndinawauza Mai Tukiya zimenezi, anakana kwamtuwagalu. Mpaka lero sindikuwakhulupirira pamenepo.